Luso Lokonza Zipangizo Lisathere M'mutu mwa Munthu Mmodzi

FUNSO

Ndine wapampando wa kagulu ka anthu odzipereka pa mpingo wathu. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timatsegula holo kuti anthu a m'dera abweretse mawailesi, simbi, maketulo, matochi ndi nyale za sola zowonongeka, ife n'kuwakonzera ulere. Tilipo 12, koma wodziwadi ntchitoyi ndi bambo mmodzi amene anapuma pa ntchito ya zamagetsi. Enafe timangolandira katundu, kulemba mayina ndi kuwapatsira zida. Mwezi wathawu bambowa anadwala, anthu n'kubwerera ndi katundu wawo osakonzedwa. Tsopano akuti chaka chamawa akusamukira kumudzi. Titani kuti ntchitoyi isafe?

Mayi wa ku Zomba

YANKHO

Zikomo mayi polemba, ndipo Mulungu adalitse manja a gulu lanu. Ntchito imene mukugwirayi ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaionera. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, simbi kapena ketulo yatsopano yasanduka katundu wofunika kumuganizira kawiri. Mphepo ya mkuntho yotchedwa Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, mabanja ambiri anagula nyale za sola, mabatire ndi ma inverter, ndipo zambiri mwa izo tsopano zafika pofuna kukonzedwa. Pa dziko lonse, bungwe la United Nations linapeza kuti m'chaka cha 2022 chokha anthu anataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi. Wailesi iliyonse imene yabwerera kunyumba ikulira ndi ndalama yosungika m'thumba la mwini wake, ndiponso chinyalala chimodzi chochepa kudzala.

Ndinene mosabisa: panopa muli ndi mmisiri mmodzi ndi anthu 11 omuthandiza. Gulu lokonza zipangizo simunalipange. Nkhani yabwino ndi yakuti nthawi ikadalipo. Miyezi imene bambowa atsala nayo pakati panu muigwiritse ntchito pochotsa luso m'mutu mwawo kulipititsa m'manja mwa ena ndi m'kope la gulu. Kuyambira lero, chinthu chachikulu chimene holo yanu izitulutsa Loweruka lililonse chikhale anthu odziwa kukonza. Katundu wokonzeka azitsatira pambuyo.

Yambani ndi kukhala pansi ndi bambowo

Kawirikawiri mmisiri sauma ndi luso lake chifukwa cha kuipa mtima. Pakhomo pakakhala mzere wa anthu 20, amaona kuti kufotokoza n'kuchedwetsa ntchito, ndiye amangolanda chipangizocho n'kuchikonza yekha. Chinanso, zambiri zimene akudziwa zili m'manja ndi m'makutu mwake, sanazinenepo ndi pakamwa. Akamva fani ikung'ung'udza amadziwiratu pamene pali vuto, koma mukamufunsa kuti wadziwa bwanji amangoti, "Ndazolowera." Palinso mantha enieni: munthu amene wagwira magetsi zaka zambiri anaonapo mnzake atavulala, ndipo safuna kuti mwana wa mwini avulalire m'manja mwake.

Choncho musawadzudzule pagulu, ndipo nkhaniyi isayambire pa msonkhano. Pitani kwawo inu ndi mmodzi wa akuluakulu a gulu, muwathokoze, kenako muwapemphe chinthu chooneka: "Bambo, musananyamuke tikufuna mutisiyire anthu anayi oti angathe kukonza simbi, ketulo, fani ndi nyale ya sola popanda inu. Ife tichitepo chiyani kuti zimenezi zitheke?" Pempho lotere limawapatsa ulemu wa mphunzitsi m'malo mowaonetsa ngati akulandidwa mpando.

Mbali yanu ngati wapampando ndi kuwachotsera chipsinjo cha mzere. Ngati mumalandira zipangizo 30 pa tsiku, tsitsani zifike 10 kapena 12 kwa miyezi itatu, ndipo mulengezeretu mu mpingo chifukwa chake. Anthu ena adzadandaula, koma kudandaula kwa miyezi itatu n'kwabwino kusiyana ndi holo yotsekeratu chaka chamawa. Musinthenso kawerengedwe kanu. Pa lipoti la mwezi muzilemba kuti ndi zipangizo zingati zimene zakonzedwa ndi munthu wina osati bambowo. Nambala imeneyo ndiyo ikuuzeni ngati gulu likukula.

Wodziwa alankhule, wophunzira agwire zida

Ili likhale lamulo la pa tebulo. Kuonerera sikuphunzitsa manja. Munthu angathe kuimirira pambali pa mmisiri chaka chathunthu, tsiku loti amasule yekha simbi n'kusowa poyambira. Ikani anthu awiriawiri: wina agwire chomasulira ndi mita yoyezera magetsi, wodziwayo akhale pambali manja ali kumbuyo, ntchito yake ikhale kufunsa. "Ukuganiza kuti vuto lili pati? Chifukwa chiyani? Uyeza bwanji kuti utsimikize?" Wophunzira akalakwitsa pa chinthu chosaopsa, msiyeni aone yekha kuti njira imeneyo sikufika. Akafuna kuchita choopsa, mawu amodzi akwane kumuimitsa, ndipo gulu lonse ligwirizane kuti wina akati "ima", aliyense amasiya zimene wagwira osayamba wafunsa chifukwa.

Wodziwayo akamagwira yekha ntchito yovuta, azilankhula mokweza zimene akuganiza: "Ndikununkhiza kaye, chifukwa waya wopsa ali ndi fungo lake. Ndikuyang'ana capacitor iyi chifukwa pamwamba pake patupa." Masiku oyamba adzaona ngati zachilendo, koma ndi njira yokhayo yotulutsira zimene zakhala chete m'mutu mwake zaka zonsezi.

Mwini katundu nayenso asasiye chipangizo n'kupita kumsika. Mayi Martine Postma atayambitsa Repair Café yoyamba mumzinda wa Amsterdam mu October 2009, mfundo yawo inali yakuti mwini chinthu akhale pa tebulo limodzi ndi wokonzayo, aone ndiponso athandize. Njira imeneyi yafalikira m'mayiko ambiri chifukwa imabala okonza atsopano. Mayi amene waona mmene amangira mawaya m'pulagi lero, mawa adzamanga yekha kunyumba, ndipo mwezi wamawa angathe kukhala wodzipereka wanu wa nambala 13.

Wophunzira akakonza mtundu umodzi wa chipangizo katatu popanda kuthandizidwa, mupatseni munthu woti amuphunzitse. Musadikire kuti akhale katswiri. Amene wangophunzira kumene amakumbukira pamene pankamuvuta, ndipo nthawi zambiri amafotokoza momveka kuposa amene anaiwala kalekale kuti kusadziwa kumamveka bwanji.

Phunzitsani kafufuzidwe ka vuto

Gulu likamaphunzira moloweza, kuti wailesi ya mtundu wakuti imafa chakuti, limasowa chochita tsiku limene kwabwera mtundu wina. Chofunika kusiyirana ndi ndondomeko yofufuzira, yomwe ndi imodzimodzi pa zipangizo zambiri za m'nyumba. Ilembeni pa pepala lalikulu, muipachike pakhoma.

Poyamba funsani mwini wake. Chinasiya liti kugwira ntchito? Chinagwa, chinanyowa, kapena chinafa magetsi atangobwera kumene atathima? Kodi wina anachitsegulapo kale? Mayankho amenewa amadula theka la ntchito. Safunsa anadya phula. Kenako yang'anani ndi kununkhiza musanamasule kalikonse. Mukatero tsatirani njira imene magetsi amadutsa, kuyambira kukhoma kulowa mkati: pulagi, fyuzi, nthambo, swichi, kenako chimene chimagwira ntchitoyo, kaya ndi elementi kapena mota. Zipangizo zambiri zimene anthu amati zapsa zimakhala kuti nthambo yaduka mkati, makamaka polowera m'pulagi kapena polowera m'chipangizomo, pamene imapindikapindika. Yezani nthamboyo ndi mita uku mukuipinda pang'onopang'ono, chipangizo chili chozula kukhoma.

Aliyense m'gulu adziwe kugwiritsa ntchito mita ija, yotchedwa multimeter, pa zinthu zitatu: kuona ngati waya ndi wolumikizika, kuyeza ma ohm, ndi kuyeza mavolti a batire. Palinso kasamu kamodzi koyenera kukaloweza. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230. Mukachulukitsa 230 ndi 230 mupeza 52,900. Gawani nambala imeneyi ndi mawati olembedwa pansi pa chipangizo, ndipo mupeza ma ohm amene elementi yamoyo iyenera kuonetsa. Ketulo ya mawati 2,000 ionetse pafupifupi ma ohm 26, simbi ya mawati 1,000 ionetse pafupifupi 53. Mita ikapanda kuonetsa kulumikizika kulikonse, elementi yaduka, kapena kafyuzi koteteza ku kutentha kamene kamakhala pafupi nayo kaduka. Wophunzira akawerengera yekha nambala imeneyi kenako n'kuiona ikutuluka pa mita, mantha ake pa zamagetsi amayamba kusanduka chidwi.

Fani ndi chipangizo china chabwino kuphunzirirapo. Ikamangong'ung'udza osazungulira, izuleni kukhoma muzungulitse mapeni ake ndi chala. Akamalimba, vuto ndi fumbi ndi kuuma kwa mafuta pa mtengo wa mota. Akamazungulira mosavuta koma fani n'kumakanika kudziyambira yokha, kawirikawiri ndi capacitor yaing'ono yoyambitsira mota imene yafooka, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi fani yatsopano. Ikani ina ya manambala ofanana ndi yakaleyo.

Pa za sola, yezani mbali iliyonse payokha. Panelo yopangidwira batire la mavolti 12, ikakhala padzuwa yosalumikiza ku china chilichonse, imaonetsa mavolti apakati pa 18 ndi 22. Batire la asidi lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6, likamakhala pansi pa 12 litapumula, latsika kwambiri, ndipo kulisiya choncho masiku ambiri kumalipha. Nyale zing'onozing'ono zambiri zili ndi batire la lithium lolembedwa 3.7, lomwe limafika 4.2 likadzaza, pamene zina zili ndi la 3.2, choncho werengani cholembedwa pa batirelo musanagule lina. Ndipo musanaweruze kuti panelo yafa, ipukuteni fumbi la chilimwe. Foni yokana kutchaja nayonso muyambe mwaiyesa ndi nthambo ina, muchotsenso zinyalala pa kabowo kotchajira ndi kamtengo kosongoka, foni ili yothima.

Za chitetezo zibwere patsogolo pa zonse

Munthu asagwire chomasulira m'holo mwanu asanaphunzire mfundo izi, ndipo muzizibwereza mmawa uliwonse wa tsiku lokonza ngakhale kwa akale omwe.

Chipangizo chisatsegulidwe chili cholumikiza kukhoma. Kuthimitsa swichi sikukwanira. Pulagi yake ikhale pa tebulo pamene wokonzayo akuiona ndi maso. Poyesa chipangizo chokonzedwa pakhale malo amodzi okha, oyang'aniridwa ndi munthu mmodzi, ndipo soketi yake ikhale yodzera pa chipangizo chodula magetsi akayamba kuthawira pathupi la munthu, chija amati RCD kapena earth leakage, cha 30mA. Ngati gulu lili ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha chaka chino, gulani chimenechi.

Kuzula pulagi sikutanthauza kuti mphamvu yatheratu mkati. M'ma TV, ma decoder, machaja a laputopu ndi zina zotero muli capacitor yaikulu imene imasunga mavolti oposa 300 kwa kanthawi chipangizo chitazulidwa kale. Bambowo akuphunzitseni kuizindikira, kuiyeza ndi kuitsitsa mphamvu moyenera, ndipo amene sanaphunzire zimenezi asatsegule zipangizo zotere.

Mitundu ya mawaya aliyense aidziwe ngati dzina lake. Wabulauni ndiye wamoto ndipo amapita mbali ya fyuzi, wabuluu ndi wobwezera, wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wa earth ndipo amapita pa mwendo wautali wa pamwamba. Pa nthambo zakale wamoto ndi wofiira, wobwezera ndi wakuda, wa earth ndi wobiriwira. Waya wa earth azikhala wotalikirapo mkati mwa pulagi kuti nthambo ikakokedwa akhale womaliza kuzuka. Chipangizo cha thupi lachitsulo, monga simbi, ketulo kapena hotipuleti, chisatuluke m'holo musanayeze kuti mwendo wa earth ukulumikizana ndi thupi lakelo.

Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti pena pake pali vuto. Pezani vutolo musanaike ina. Musalole aliyense kumanga waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi, ngakhale mwini katundu atachonderera chotani. Wailesi, fani ndi nyale zimafuna fyuzi ya 3A. Ketulo, simbi ndi hotipuleti zimafuna ya 13A.

Mukhalenso ndi mndandanda wa zimene gulu lanu silikhudza, wolembedwa poonekera, kuti wodzipereka asachite manyazi kukana. Microwave ili ndi capacitor ya mavolti pafupifupi 2,000 yomwe ingaphe munthu chipangizo chili chozula. TV yakale ya chimsana imasunga mphamvu yoposa pamenepo. Mapaipi a gasi wa firiji asiyireni odziwa, chifukwa mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a amene amayaka. Batire la lithium lotupa lisabooledwe, lisapindidwe, lisatchajidwenso. Liikeni mu ndowa ya mchenga kutali ndi anthu. Mawaya a m'nyumba ndi ntchito ya amisiri ovomerezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo mita ya ESCOM si yoti wodzipereka aikhudze n'komwe.

Mtovu wowotcherera ndi poizoni wolowa pang'onopang'ono. Mawindo akhale otsegula, pa tebulo logwirira ntchito pasamadyedwe kanthu, ana asaseweretse tizidutswa take, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Wina akagwidwa ndi magetsi, thimitsani ku swichi yaikulu kapena muchotseni ndi mtengo wouma, musamugwire ndi manja, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Aliyense adziwe pamene pali swichi yaikulu ya holoyo. Moto wa magetsi sathira madzi magetsi asanathimitsidwe.

Kope la gulu

Gulani hadikava yaikulu, ikhale ya gulu, osati ya munthu, ndipo izigona m'bokosi la zida. Chipangizo chilichonse chikhale ndi malo ake: tsiku, mtundu ndi nambala yake, zimene mwini wake ananena, zimene munayeza ndi manambala amene munapeza, vuto lenileni, chimene munachita, kumene munagula chosinthira ndi mtengo wake, amene anakonza ndi amene anayang'anira. Kulemba kuti "wailesi, yakonzedwa" sikuthandiza aliyense. Kulemba kuti "inkalira mokalakata potembenuza volyumu, tinatsuka chotembenuziracho, yasiya" kudzapulumutsa ola lathunthu la munthu wina chaka chamawa.

Zokanika muzizilembanso, ndi chifukwa chake: chosinthira sichipezeka, mtengo wake ukuposa wa chatsopano, kapena vuto silinapezeke. Masamba amenewa ndi amene amaphunzitsa kwambiri, komanso amakuuzani mitundu ya katundu imene anthu a m'dera lanu akutayira ndalama. Magulu okonza zipangizo a kunja anaona kufunika kwa zolemba zotere, mwakuti mu 2017 mabungwe monga Repair Café, The Restart Project ya ku London ndi iFixit anapanga mgwirizano wotchedwa Open Repair Alliance kuti azilemba mofanana zimene akonza ndi zimene zakanika. Inu simukufunika kompyuta kuti muchite zomwezo. Cholembera ndi munthu wokhulupirika zikwana.

Lembani m'Chichewa, koma dzina la chosinthira mulilembe monga lilili pa chinthucho ndi mmene ogulitsa amalitchulira, kuti wotumidwa kusitolo asabwere ndi china. Musanamasule chipangizo chijambuleni ndi foni, ndipo mujambulenso pa sitepe iliyonse, makamaka pamene pali mawaya ambiri. Tizomangira timene mwamasula muziika m'thireyi ya mazira motsatana ndi mmene mwatichotsera.

Gulu la pa WhatsApp ndi lothandiza pofunsana mwachangu pakati pa mwezi, ndipo bambowo akadzapita kumudzi mudzawapezabe kudzera pamenepo. Vuto lake ndi lakuti yankho labwino limakwiririka ndi mauthenga a maliro, maukwati ndi moni wa mmawa, ndipo foni ikatayika zonse zapita. Sankhani mlembi woti mlungu uliwonse azikopera m'kope mayankho ofunika. Pa intaneti palinso thandizo lambiri: iFixit, imene inayamba mu 2003 ku California, ili ndi malangizo aulere okhala ndi zithunzi a zipangizo zambirimbiri. Koma chenjezani achinyamata anu pa mavidiyo a pa YouTube. Ambiri amajambulidwa ku America kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120, ndipo kumeneko waya wakuda ndiye wamoto, pamene pa nthambo zakale za kuno wakuda ndi wobwezera. Chilichonse chotengedwa pa intaneti chiyambe chadutsa m'maso mwa wodziwa chisanalowe m'kope.

Mphindi 20 zomaliza za tsiku lokonza muzizisunga. Tsekani chitseko, mukhale mozungulira, ndipo awiri aliwonse afotokoze chipangizo chimodzi chimene chawaphunzitsa kanthu. Wolankhula akhale wophunzira. Amene wathyola kapulasitiki pomasula kapena waiwala waya anene momasuka, ndipo pasakhale womuseka. Gulu limene limaseka wolakwitsa limaphunzitsa anthu ake kubisa, ndipo pa zamagetsi cholakwa chobisika chimakathera m'nyumba ya munthu wosalakwa.

Zakufa musataye msanga

Pemphani eni katundu amene wakanika kuti akusiyireni ngati sakumufunanso. Zipangizo zakufa ndi zimene ophunzira angamasule mopanda mantha, n'kuphunzirirapo kuwotcherera ndi kuchotsa tizipangizo pa bolodi. Mumapezamonso maswichi, nthambo, masipika, mapulagi ndi tizomangira. Zisanjeni m'mabotolo olembedwa. Zotsala musaziwotche, chifukwa utsi wa mapulasitiki ndi mawaya ndi woipa m'chifuwa, ndipo mabatire a asidi musawaswe kapena kutaya madzi ake pansi. Aperekeni kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale.

Zida zikhale ndi mndandanda womata mkati mwa chivindikiro cha bokosi, ndipo ziwerengedwe potsegula ndi potseka. Funsaninso msanga kuti mwa zida zimene mukugwiritsa ntchito panopa, za bambowo ndi ziti. Magulu ambiri amadzidzimuka mmisiri atanyamuka kuti mita ndi chowotcherera zinali zake.

Amisiri a pamsika ndi anzanu

Pafupi ndi holo yanu pali anthu amene amadyera ntchito yomweyi: wokonza mafoni pa khonde la sitolo, wokonza mawailesi ndi ma TV mumsika. Akamva kuti mukukonza ulere angaone ngati mukuwalanda nsima pakamwa. Apiteni mukawaone musanamve mphekesera. Auzeni zimene mumachita ndi zimene simuchita, ndipo ntchito zoposa msinkhu wanu muzizitumiza kwa iwo. Mukapeza wina womasuka, mupempheni adzaphunzitse gulu kwa maola awiri, ndipo mumulipire ngakhale pang'ono, chifukwa tsiku limenelo watseka benchi yake. Amisiri amenewa amadziwa kumene zosinthira zenizeni zimapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndi mmene mungasiyanitsire chabwino ndi chachinyengo. Nzeru zotere simungazipeze m'buku.

Nkhani ya ndalama ikhale yoyera kuyambira pakhomo. Ntchito ndi yaulere, chosinthira agula ndi mwini katundu, ndipo chopereka chilichonse chilowe m'bokosi la gulu n'kulembedwa. Muuzeni mwini wake musanatsegule kuti ndinu odzipereka, kuti chipangizo chingathe kukanika kapena kuwonongekeratu, ndipo avomere polemba dzina lake m'kope. Foni kapena laputopu ya munthu isatsegulidwe mwini wake palibe, ndipo zithunzi ndi mauthenga a mkatimo si za wokonza. Wodzipereka amene waphunzira n'kufuna kuyamba kabizinesi kake musamuone ngati wakuba luso. Chimenecho ndi chipatso cha gulu. Mungogwirizana kuti tsiku la holo salipiritsa munthu ndipo sakokera anthu ku benchi yake.

Ndani akupatsidwa mpata?

Yang'anani bwino mmene ntchito zagawidwira pakati pa anthu 12 anuwo. M'magulu ambiri amayi ndi atsikana amapezeka pa tebulo lolembera mayina ndi pophika tiyi, zida zili m'manja mwa abambo ndi anyamata, popanda amene anakonza kuti zikhale choncho. Komatu amene amagwiritsa ntchito simbi, ketulo ndi hotipuleti tsiku ndi tsiku, n'kumadziwa kalirolire kake kakasintha, nthawi zambiri ndi amayi omwewo. Ntchito zizizungulira mwezi ndi mwezi, ndipo inuyo mayi wapampando muyambe ndinu kugwira mita kuti ena aone.

Musapeputsenso mwana amene wasiya sukulu koma amakonda kumasula zinthu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anayamba ndi kumasula ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzi pamodzi ndi msuweni wake. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka mabuku m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Chimene anapeza ndi malo ofikirapo nzeru ndi zinthu zoti ayeserepo. Holo yanu ingakhale malo otero kwa mwana wina wa ku Zomba. Ana osakwana zaka 18 azigwira za mabatire ndi sola yaing'ono zokha, wamkulu ali pomwepo ndipo makolo atavomera. Amene waonetsa luso lenileni mulimbikitseni akapitirize ku sukulu za ntchito zamanja zimene zili pansi pa ndondomeko ya TEVETA, monga Nasawa komweko ku Zomba kapena Soche ku Blantyre, ndipo masamba a m'kope okhala ndi dzina lake akhale umboni wa zimene manja ake achita.

Ndondomeko ya miyezi ikubwerayi

Mwezi uno kaonaneni ndi bambowo, mugule kope, mulembe malamulo a chitetezo ndi mndandanda wa zosakhudza. Onjezani Loweruka lina pa mwezi loti likhale la maphunziro okhaokha, popanda kulandira katundu wa anthu. Phunziro loyamba likhale la pulagi, fyuzi, nthambo ndi mita. Lachiwiri la zotenthetsa monga simbi ndi ketulo. Lachitatu la fani. Lachinayi la sola ndi mabatire. Lachisanu la kuwotcherera ndi mawailesi. Pa mtundu uliwonse wa chipangizo pakhale anthu awiri ouphunzira mozama, kuti wina akadwala kapena kusamuka mnzake atsale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mukasiya zonse m'manja mwa wophunzira mmodzi wochangamuka, pakatha zaka ziwiri mudzalembanso kalata ngati yomweyi.

Maphunziro asanuwa akatha, konzani tsiku loyesa. Bambowo abwere, apatsidwe mpando ndi tiyi kutali ndi matebulo, ndipo asagwire chida chilichonse. Gulu likonze lokha, iwo azingoona chipangizo chilichonse chisanaperekedwe kwa mwini wake. Mafunso onse amene mudzathamangire nawo kwa iwo tsiku limenelo muwalembe, chifukwa amenewo ndiwo maphunziro a miyezi yotsalayo. Mukadzachita zimenezi kawiri kapena katatu, mudzadziwa zimene gulu lingathe palokha ndi zimene liyenera kutumiza kwa amisiri ena, ndipo mudzalengeze mu mpingo mndandanda wa zipangizo zimene muzilandira kuyambira chaka chamawa.